Alendo 23 ndi Foni ya Malemu Mayi Lois Kumwenda

Ayi a Mbusa, pepani, si yanga foniyi. Ndi ya malemu. Ndamva bwinobwino kuti mwalengeza kawiri konse kuti tizimitse mafoni, ndipo yanga ndazimitsa kalekale, koma iyi ndilibe nayo mphamvu. Yalira chifukwa yakwana 11 koloko, ndipo ikakwana 12 iliranso. Mundilole ndiwerenge uthenga wake, ndi waufupi: "Ali bwino 23 mwa 24. Chinsapo wadzaza kufika pa 93." Amene simunatolepo kanthu musade nkhawa, ife abale akenso takhala zaka zambiri osatolapo kanthu. Ndikamamaliza mbiriyi mukhala mutamva, ndipo mukhala mutadziwa chifukwa chake foniyi ikufunika mwini wake wina lisanafike Lachitatu.

A Mbusa, akulu a mpingo, amayi a Mvano, a mfumu a dera lino la Area 25, akuluakulu ochokera kuntchito kwa malemu, anamfedwa, ndi nonse amene mwabwera kudzakhuza maliro ano, ndikukupatsani ulemu wonse. Ine ndine Vitu Msiska, mwana wa a Kings Msiska, alongo awo a malemu. Kuno mumati azakhali, kwathu ku Rumphi timati ankhazi. Mbiri ngati iyi amawerenga ndi aimvi, koma bambo anga anati: "Iwe tinakutumiza ku Zomba kukaphunzira masamu. Ukaime, ukawafotokozere anthu ntchito imene ankhazi ako ankagwira. Ife zaka makumi atatu tinkangoti amagwira ya makompyuta, wina akafunsitsa tinkasintha nkhani." Ndiye ndaima.

Malemu Mayi Lois Kumwenda, NyaMsiska, anabadwa pa 14 Malichi 1951 ku Bolero, m'boma la Rumphi. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo anga amanena kuti ali aang'ono, ntchito yawo inali yotsegulira mbuzi m'mawa, koma sankangotsegula khola basi. Mbuzi iliyonse anaipatsa dzina, ndipo ankaziitana imodziimodzi ngati aphunzitsi akuitana mayina m'kalasi. Yomwe yachedwa kutuluka ankailowera m'kholamo kukaona chavuta. Agogo athu aamuna ankati mwana ameneyu adzakhala wapolisi. Anaphonya pang'ono chabe.

Sukulu ya pulaimale anaphunzira konko ku Bolero, ya sekondale ku Mzuzu, ndipo anamaliza mu 1970. Chaka chotsatira anapita ku Blantyre kukaphunzira kutaipa. Mu 1973 analembedwa ntchito pa kampani ina yosungira mabungwe makaundula awo, kampani yomweyi imene aigwirira mpaka imfa yawo. Achinyamata simungakhulupirire, koma nthawi imeneyo kompyuta sinkalankhulidwa ndi zala pa kiyibodi monga lero. Ankaboola timabowo pa makhadi a pepala, n'kumaidyetsa makhadiwo. Kabowo kamodzi kakalakwika, ntchito ya tsiku lonse yagwa. Malemu anali oboola makhadi, ndipo ankanyadira kuti anatha chaka chathunthu osabwezeredwa khadi ndi limodzi lomwe.

Ku Blantyre komweko, ku kwaya, anakumana ndi mphunzitsi wina wa ku Ekwendeni, a Jeremiah Kumwenda. A Jeremiah anawalembera kalata yowapempha kuti akakumane Lamulungu pa 12. Tsoka ilo, mwezi umenewo pa 12 linali Lolemba. Malemu anayankha ndi mzere umodzi wokha: "Lamulungu kapena pa 12?" A Jeremiah, poopa kulakwitsa kawiri, anapita masiku onse awiri. Ukwati unamangidwa pa 9 Ogasiti 1975, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana aakazi awiri, a Tamara ndi a Dinah.

Mu 1978 kampani inawasamutsira kuno ku Lilongwe. Anafikira ku Kawale, pa puloti ya lendi ya makomo asanu ndi atatu, mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzi. Anakhalapo zaka zisanu ndi zitatu asanamange nyumba yawo kuno ku Area 25 mu 1986. Musaiwale puloti ya ku Kawale imeneyi, chifukwa malemu ankati maphunziro awo apamwamba anawachitira pamenepo. A Jeremiah anatisiya mu Juni 1999, ndipo ana atakwatiwa, malemu anatsala okha m'nyumba. Tinkawapempha kuti atenge wachibale wina azikhala nawo, iwo ankangoti: "Ndili ndi anthu okwanira ondisowetsa mtendere." Tinkayesa akunena ife.

Tsopano ndifike pa ntchito ija. Mu 2003 kampani inabweretsa chikompyuta chachikulu, cha mtundu umene amati menifuremu. Ndinachionapo kamodzi. Ndi chakuda, chachitali kuposa wadirobu, chimakhala m'chipinda chozizira moti polowamo umafunika juzi ngakhale mu Okutobala. Chodabwitsa chake n'chakuti m'kati mwake mumakhala makompyuta ena ang'onoang'ono opanda matupi. Sungawagwire, sungawanyamule, koma lililonse limagwira ntchito yake palokha ngati lili pa tebulo lakelake. Onsewa amayendera Linux, pulogalamu imene sagula, imene aliyense ali ndi ufulu woitsegula n'kuona mmene inapangidwira. Malemu ankaikonda chifukwa cha chimenechi. Ankati ili ngati diresi lomwe telala wakulola kulitembenuza kuti uone msoko.

Mabuku a chimakinachi amatchula makompyuta ang'onoang'onowo kuti alendo. Malemu ankatsutsa. Ankati mlendo amene wagona zaka zisanu si mlendonso, ameneyo ndi wa lendi. Ndipo umu ndi mmene anandifotokozera tsiku lina tikusenda nandolo pakhonde: "Vitu, chimakina chija ndi puloti ya ku Kawale. Makomo ambiri, mpopi umodzi. Aliyense akuganiza kuti nyumba ndi yake yekha. Wina akatsegula mpopi tsiku lonse, anzake madzi sawafika. Ntchito yanga n'kuona kuti pasakhale wolira, komanso pasakhale wosuzumira pa zenera la mnzake." Mabungwe ang'onoang'ono amene sakanatha kugula ndi kusamala makina awoawo ndiwo ankapatsidwa makomo amenewa: sukulu, kampani ya malole, gulu la alimi a mbewu, chipatala chaching'ono. Alendo anachuluka mpaka anakwana 23. Malemu anawapatsa mayina a madera kumene eni ake ali: Kawale, Biwi, Mchesi, Mgona, Tsabango, Chinsapo. Mayina atatha anayamba kubwereka manambala a ma Area.

Anthu amene anadzachiika chimakinachi anachokera kunja. Anakhala masabata awiri, anadya chambo, n'kusiya mabuku atatu onenepa ngati Mabaibulo a pa guwa. Kampani inatumiza anyamata awiri a madigiri kukaphunzira kasamalidwe kake. Chaka chisanathe onse awiri anali atapeza ntchito kwina. Malemu, ali ndi zaka 52, opanda digiri, anatenga buku loyamba n'kuyamba kuliwerengera m'minibasi. Makondakitala a ku Area 25 anawazolowera moti ankawasungira mpando wa pazenera, n'kumafuula kuti: "Sunthani, a Pulofesa akwere!" Anamaliza mabuku onse atatu m'miyezi isanu ndi inayi, ndipo m'mphepete mwa masamba analembamo malo anayi amene ankati olemba mabukuwo ananama.

Za mmene alendowa amalankhulirana anandifotokozera ndi minibasi zomwezo. Ankati m'kati mwa chimakinamo mulibe mawaya oti ungapunthwepo, misewu yake ndi yongolemba, ndipo woilemba anali iwo. Uthenga uliwonse ndi pasinjala amene wanyamula adiresi. Lamulo lawo linali lakuti palibe pasinjala wochoka ku Kawale kupita ku Biwi modutsa njira zachidule. Aliyense adzere kaye ku depoti, kumene iwo angamuone nkhope ndi katundu. Akuluakulu ena anadandaula kuti kuzungulira kumeneku n'kuchedwetsa. Malemu anawafunsa ngati angakonde kuti a kampani ya malole aziwerenga mayina a odwala a ku chipatala. Nkhani inathera pomwepo.

Kenaka anakonza chimene ankachitcha Mlonda. Ndi kapulogalamu kamene mphindi zisanu zilizonse kamagogoda pa khomo la mlendo aliyense n'kufunsa mafunso atatu: uli moyo, ukupuma bwanji, nanga nkhokwe yako yosungira zinthu yatsala malo ochuluka bwanji? Wina akapanda kuyankha, Mlonda ankatumiza uthenga pa foni iyi. Amayi a Mvano mukukumbukira. Ili m'kati nyimbo, foni inkalira m'chikwama, malemu n'kusuzumira, n'kunong'ona kuti: "Mchesi wakomoka, ndikubwera." Amayi ena atsopano anayamba kusonkha ufa, poganiza kuti kuli zovuta.

Ndiye panachitika cholakwa chimodzi chimene malemu anandiuza kuti ndidzachinene pa maliro awo, chifukwa ankati mbiri yopanda cholakwa ndi ya munthu amene sanagwire ntchito. Mu Seputembala 2005, Loweruka, kunali ukwati wa a Dinah. Tsiku lonse foni sinalire. Malemu anavina mpaka nsapato inaduka chidendene, akuuza aliyense kuti lero alendo anga andilemekeza. Lamulungu foni inali chete. Lolemba m'mawa anakapeza chimakina chonse chili zii kuyambira Loweruka lija 9 koloko. Magetsi anazima, jenereta inakana, alendo onse anagwa. Nanga Mlonda bwanji sananene? Chifukwa malemu anamupatsa chipinda pa puloti yomweyo. Mlonda nayenso anali mlendo m'chimakinamo. Nyumba itagwa inagwera ndi iye yemwe. Lolemba limenelo anthu a ku chipatala cha ku Chinsapo, amene amabwera mwezi ndi mwezi kudzalandira mankhwala, anakhala pa mzere mpaka masana, ena n'kubwerera chimanjamanja, chifukwa kaundula wa mayina awo sankatseguka. Malemu anakwera minibasi kupita konko kukaona ndi maso awo.

Atabwerako ananena mawu amene anakhala nyimbo yawo mpaka kumapeto: "Chete si mtendere." Anamusamutsa Mlonda n'kumuika pa kakompyuta kakalekale m'nyumba ina kutsidya kwa msewu, kokhala ndi batire lakelake. Ndipo anasintha lamulo. Kuyambira pamenepo Mlonda salankhula pakavuta pokha ayi. Ola lililonse, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 madzulo, amatumiza uthenga ngakhale zonse zili bwino. Ola likadutsa foni osalira, ndiye kuti Mlondayo ndi amene wagwa. A Mbusa, n'chifukwa chake maulaliki anu akhala akudulidwa pa 11 koloko kwa zaka zitatu. Malemu ankati zinkakuthandizani kudziwa nthawi.

Pa ntchito yonseyi anali ndi mnzawo mmodzi, a Harun Mwamadi a ku Mchesi, kwawo ku Mangochi, amisiri a magetsi ndi jenereta pa kampanipo. Ali pomwepa, akhala kutsogoloku ndi chisoti choyera. Malemu ankawatchula a Shehe a Jenereta, iwo ankabwezera kuti a Landilodi. Ankakangana tsiku lililonse za mafuta a jenereta ndi za mpira, ndipo mwezi wa Ramadani malemu ankakadyera nsomba zawo kuseri kwa ofesi kuti fungo lisawayese anzawo. A Harun amanena okha kuti chimakinacho amadziwa kuchidyetsa magetsi ndi kuchiziziritsa, koma za m'mimba mwake sazidziwa.

Tsopano ndiulule manyazi anga. Ndili ku koleji, tchuthi ndinkakhala kwa ankhazi. Pa khoma la chipinda chochezera anamatapo pepala la mayina a alendo awo, ndipo ndinawawerenga: 23. Koma uthenga wa pa foni ola lililonse unkati: "Ali bwino 24 mwa 24." Ndinawafunsa kuti wa 24 ndi ndani. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti: "Si iwe wa masamu? Upeze wekha." Ndimakonda zophiphiritsa, ndipo ndinaitenga nkhaniyi ngati mayeso. Ndinati ndi jenereta. Ayi. Makina oziziritsa chipinda. Ayi. Chimakina chenichenicho. Ayi. Mlonda mwini wake. Apo anati ndayandikira, koma ayi. Ndinalandira digiri, ndinayamba kuphunzitsa ana a eni ake masamu ku Tsabango, funso la 23 kuwonjezera 1 likundikanikabe.

Yankho linabwera Loweruka pa 2 Ogasiti chaka chino. Wa nambala 24 anali iwo eni. Atakonza Mlonda watsopano uja, malemu anadzifunsa kuti: alendo akuwayang'anira ndi Mlonda, Mlonda ndikumuyang'anira ndine, nanga ine? Ndiye anadzilemba pa mndandanda ngati mlendo. M'mawa uliwonse isanakwane 7 koloko ankatumizira Mlonda liwu limodzi: "Ndilipo." Ikakwana 8 liwulo lisanafike, Mlonda ankatumiza uthenga kwa a Harun: "Nambala 24 sakuyankha. Pitani kunyumba kwake." Ndipo anapangana ndi a Harun kuti uthengawo ukadzabwera asadzataye nthawi ndi kuimba foni, adzangonyamuka. Zinachitikapo kamodzi mu 2006. A Harun anapalasa njinga kuchokera ku Mchesi, thukuta kamukamu, n'kupeza malemu akuchapa makatani, foni itatha moto pansi pa pilo. Malemu anawaphikira tiyi, n'kuwauza kuti mayeso akhoza koma anachedwa ndi mphindi khumi. Awiriwa sanauze munthu.

Pa 2 Ogasiti uthenga uja unabweranso. A Harun akuti panjira ankakonzekera za tiyi. Anafika n'kupeza chitseko chokhoma, makatani osatsegula, wailesi chete. Anaitana a neba, anathyola chitseko, n'kupeza malemu ali pansi m'khitchini, mbali imodzi ya thupi itafa. Inali sitiroko. Isanakwane 10 koloko anali atafika nawo ku chipatala. Adokotala anatiuza kuti akanapezeka Lolemba, sitikanawapeza amoyo. Ife abale tinkawaimbira Lamulungu madzulo, ndipo tinene zoona, nthawi zambiri kunali kungofulasha kuti iwo ndiwo aimbe. Sindikunena izi kuti tichite manyazi. Ndikunena kuti tithokoze, chifukwa luso la manja awo linatipatsa masiku khumi ndi limodzi amene sitikanakhala nawo.

M'masiku amenewo a Tamara anafika kuchokera ku Mzuzu, a Dinah kuchokera ku Blantyre, bambo anga kuchokera ku Bolero. Adzukulu onse asanu anawaona agogo awo, ndipo wamng'ono anawaimbira nyimbo ya ku Sande sukulu, yomwe malemu anaikonza mawu awiri. Lilime linali lolemera koma nzeru zinali zonse. Anamwino anayesa kuwalanda foni, anagonja tsiku lachiwiri. M'mawa uliwonse ankauza a Tamara kuti alembe "Ndilipo", iwo n'kudina okha batani lotumizira ndi chala cha kumanzere. Bambo anga atawafunsa ngati angakonde kukagona kumudzi ku Bolero zinthu zikavuta, anayankha kuti: "A Jeremiah ali ku Area 18, ndipo kumudzi kulibe netiweki." Lachitatu pa 13 Ogasiti, cha m'ma 6 koloko m'mawa, anatisiya mwamtendere, ali ndi zaka 57. Itakwana 8, a Harun analandira uthenga uja kachitatu. Anali kale pakhomo la wodi. Kuyambira tsiku limenelo foniyi imati 23 mwa 24.

Mwamva theka loyamba la uthenga uja. Theka lachiwiri ndi ili. Mlendo wotchedwa Chinsapo ndi amene amasunga kaundula wa chipatala chija, mayina pafupifupi zikwi ziwiri a anthu olandira mankhwala mwezi ndi mwezi. Mlendo ameneyu amalemba tizolemba tambirimbiri ta zonse zimene zamuchitikira, ndipo timadzaza nkhokwe yake. Lachisanu lililonse malemu ankawerenga tizolembato, n'kutichotsa. Ankati akukasesa pakhomo pa Chinsapo. Ndinawafunsapo ngati makina sangasese okha. Anati angathe, koma munthu wanzeru amayang'ana zinyalala asanataye, chifukwa zinyalala ndizo zimaulula matenda a pakhomo. Anasesa komaliza pa 1 Ogasiti. Papita masiku a Lachisanu awiri. Nkhokwe ikadzaza kufika pa 100, kaundula amakana kulandira dzina lililonse. Lero ili pa 93, ndipo ndaona kuti tsiku lililonse la ntchito imakwera ndi 3. Lolemba 96, Lachiwiri 99. Masamu awa okha sanandikanike. Lachitatu m'mawa anthu aja adzakhalanso pa mzere monga mu 2005.

Akuluakulu a kampani, tikukuthokozani kuchokera pansi pa mtima chifukwa cha bokosi, galimoto ndi mawu okoma amene munatilembera. M'kalata yanu mwanena kuti m'zaka zitatu zapitazi makina aja akhala akudziyendera okha popanda vuto. Malemu akanasangalala nawo mawu amenewo, chifukwa ankati wosesa wabwino ndi amene anthu amaganiza kuti pabwalo sipagwa masamba. Koma masambawo ankagwa, ndipo akugwabe. Malemu anaphunzitsa ntchitoyi anthu awiri. A Pauline ali ku Joni, atumiza uthenga wa chipepeso. A Jemima anapita kukagwira ntchito ku Blantyre, koma ndawaona, akhala kumbuyo uko pafupi ndi zenera, ndipo sindikuwaloza, ndikungowalonjera. Inenso ndisadzichotse. Buku loyamba lija anandibwereka chaka chatha. Ndili pa tsamba 40.

Mwambo wathu umati katundu wa malemu atsekeredwe m'chipinda mpaka banja lidzakhale pansi mwezi wamawa. Bambo anga alola kuti zinthu ziwiri zisalowe m'chipindamo. Choyamba ndi foniyi. Chachiwiri ndi kope la chikuto chofiira limene malemu analembamo ntchito yonse mwatsatanetsatane, khomo ndi khomo, msewu ndi msewu, mpaka kasesedwe ka pa Chinsapo. Mawu achinsinsi otsegulira makina ali mu envulopu yomata imene a Harun akusunga. Palibe chimene anabisa, palibe chimene anapita nacho. Pa tsamba loyamba la kopelo analemba kuti: "Wotenga ntchitoyi ayambe wafufuta dzina langa pa nambala 24, alembepo lake. Ndipo apeze munthu wa njinga."

Malemu asiya ana awiri, a Tamara ndi a Dinah, akamwini awiri, adzukulu asanu, alongo awo a Kings, ang'ono awo a Vera amene alephera kubwera chifukwa cha miyendo, ndi ife ana a abale awo amene tinadya nandolo za pakhomo pawo. Asiyanso alendo 23, amene sakudziwa kuti kuli maliro.

M'malo mwa mabanja a Msiska ndi a Kumwenda, ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamala ndi kuwapirira pamodzi ndi foni yawo. Ndikuthokoza a neba amene anathyola chitseko, ndipo musadandaule, tachikonza. Ndikuthokoza amayi a Mvano amene mwatigoneka ndi nyimbo masiku atatu, achinyamata a kwaya, adzukulu okumba manda, a mfumu, ndi makondakitala a pa siteji amene abwera anayi ndipo akana kukhala pa mipando. A Harun, inu sitikudziwa kuti tikuthokozeni bwanji. Munapalasa njinga kawiri, ulendo woyamba munamwa tiyi, wachiwiri munatibweretsera mayi wathu kuti titsanzikane naye. Mulungu amene inu ndi malemu munkamupembedza masiku osiyana akudalitseni.

Ankhazi, NyaMsiska, a Landilodi, a Pulofesa a pa mpando wa pazenera, mwagogoda makomo a eni kwa nthawi yaitali. Kagoneni pafupi ndi a Jeremiah, ndipo ulendo uno tsiku sanalakwitse ndi iwo. Kumene mwapitako Woyang'anira wake sawodzera ndipo sagona, simufunikanso kulemba kuti mulipo. Mzimu wanu uuse mu mtendere.

A Mbusa, ndamaliza, ndipo mwambo ndaubweza m'manja mwanu. Kungoti 12 koloko itipeza tili pa msewu wa kumanda, ndipo foniyi ilira. Ndaiika apa pa tebulo, pamwamba pa kope lofiira, chaja chake chili pambali.

Aitenga ndani?